Mmene mungamangire nyambo ya nyerere yoyandama yowedzera trout m'nyengo yotentha

Nyerere si kachilombo ka m'madzi, ndipo ikapezeka pamtsinje ndiye kuti yagwamo mwangozi: mwina mphepo yaikankha pa tsamba, mwina yaterereka pa udzu wolendewera m'mphepete, kapena ndi ija yamapiko imene yatopa pa ulendo wake wokayambitsa chisa chatsopano. Ikangofika pamadzi siithanso kuuluka ngakhale kusambira, koma imangokakamira pa kakhungu kopyapyala ka pamwamba pa madzi nkumaphiriphitha, kufikira madzi ataitengera pamene nsomba ikudikirira. N'chifukwa chake asodzi amene amawedza trout, nsomba ya m'madzi ozizira, ndi nyambo zomanga okha pogwiritsa ntchito nthenga, ubweya ndi ulusi, usodzi umene umadziwika kuti fly fishing, sayenda opanda nyerere m'kabokosi kawo m'miyezi yotentha. Masana a nyengo imeneyi tizilombo tobadwira m'madzi timachepa, pamene nyerere, ziwala ndi zikumbu zimachuluka m'mphepete mwa mitsinje, ndipo nsomba zimazolowera kuyang'ana kumwamba.

Anthu amene anatchukitsa nyambo zotsanzira tizilombo ta kumtunda ndi Vincent Marinaro ndi Charles Fox, asodzi a ku Pennsylvania m'dziko la America, amene m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 ankawedza pa kamtsinje ka Letort pafupi ndi tawuni ya Carlisle. Iwo anazindikira kuti nsomba zambiri zimene zinkadya pamwamba popanda kachilombo kooneka ndi maso zinkatola tizilombo ting'onoting'ono togwa kuchokera mu udzu. Kumayiko a kumpoto amenewo nyengo ya nyamboyi ndi June mpaka September, ndipo ku Britain nyerere zamapiko zimatuluka mwaunyinji mu July ndi August. Kuno kummwera kwa Africa nyengo yake ndi November mpaka March, ndipo malo ake ndi mapiri ozizira: ku Drakensberg ndi Dullstroom ku South Africa, ku Nyanga ku Zimbabwe, ndiponso madamu ndi timitsinje ta pa phiri la Zomba ndi ku Chelinda pa Nyika, kumene trout zinabweretsedwa m'nthawi ya atsamunda.

Yambani mwayang'ana nyerere yeniyeni

Musanagwire mbedza, tolani nyerere imodzi yaikulu pabwalo, muiike pa pepala loyera ndi kuiyang'anitsitsa. Mudzaona kuti kumbuyo kuli mimba yonenepa yobulungira, kutsogolo kuli mutu wocheperapo, ndipo pakati pali chifuwa chowonda pamene pamachokera miyendo 6, chimene chimalumikizana ndi mimba pa kachiuno kopyapyala kwambiri. Nsomba imayang'ana nyambo ili pansi pake kumwamba kukuwala, choncho chimene imaona kwenikweni ndi chithunzithunzi chakuda cha timipira tiwiri tolekanitsidwa ndi mpata woonekera bwino. Mwa kuona kwanga, luso lonse la nyamboyi lagona pa mpata umenewu. Mtundu mutha kuuphonya pang'ono, ndipo miyendo nsomba siiwerenga, koma mukadzaza chiuno ndi ulusi kapena nthenga mpaka timipira tija titakhudzana, ndiye kuti mwamanga chikumbu, ndipo nsomba imene yaika mtima pa nyerere idzachilekerera chidutse.

Chinthu chachiwiri n'chakuti nyerere siima pamwamba pa madzi ndi nsonga za miyendo monga mmene tizilombo tina touluka timachitira. Imakhala yomira theka, mimba ili m'madzi, msana uli kunja. Nyambo yanu iyenera kuyandama, inde, koma iyandame motsika.

Zimene muyenera kusonkhanitsa

Mbedza zikhale za waya wopyapyala, zopepuka, zopangidwira nyambo zoyandama, monga za mtundu wa Tiemco TMC 100 kapena zina zofanana nazo. Nambala ya mbedza ikamakula, mbedzayo imachepa, kotero kuti 12 ndi yaikulu kuposa 18. Nyerere zimamangidwa pa mbedza za nambala 12 mpaka 22, koma wophunzira ayambe ndi 14, chifukwa pa iyo zala zimapeza malo ndipo cholakwika chimaoneka msanga.

Ulusi ukhale wakuda, wa 6/0 pa mbedza za 12 ndi 14, ndi wa 8/0, umene ndi wopyapyala kuposa 6/0, pa zocheperapo. Ulusi wa thonje wosokera zovala ndi wonenepa ndiponso umamwa madzi, choncho usiyeni. Pa thupi mufunika fomu yakuda yokhuthala mamilimita 2, ija imagulitsidwa m'mapepala aakulu m'mashopu a zolembera ndi zokongoletsera. Fomu si yofanana yonse. Dulani kachidutswa, mukafinye m'kati mwa madzi ndi kukatulutsa: ngati kamwa madzi monga imachitira siponji ya matiresi, sikakuthandizani, chifukwa kadzamira mukangoponya kawiri kapena katatu. Fomu yoyenera ndi ija ya timabowo totsekeka imene imatuluka m'madzi ili youma m'kati. Patapata wakuda wakutha ndi wa mtundu umenewu, ndipo mukamusenga mopyapyala ndi lezala yatsopano amagwira ntchito, ngakhale kuti ndi wolimbirapo ndipo amafuna dzanja lofatsa pomanga.

Miyendo imachokera ku nthenga ya m'khosi kapena pamsana pa tambala. Ya tambala ndi yolimba ndi yonyezimira, pamene ya thadzi ndi yofewa ndipo imamwa madzi. Tambala wa pakhomo amapereka nthenga zokwana mbedza za 12 ndi 14, koma zokwana 18 ndi 20 n'zosowa pa iye, ndipo asodzi amagula za nkhuku zowetedwera ntchito imeneyi, monga za ku Whiting Farms ku Colorado. Ngati yakuda simunaipeze, yofiirira kapena yamawangamawanga mutha kuidetsa ndi cholembera cha inki yosafufutika.

Zida ndi izi: chopanira mbedza chomangirira ku tebulo, bobini yogwirira ulusi, sizasi ya nsonga zakuthwa, lezala, kapani kogwirira nthenga, singano, supaguluu, ndi vanishi yopanda mtundu ya zikhadabo. Amene alibe chopanira atha kuyamba ndi pulayala yokhoma yomangiriridwa zolimba m'mphepete mwa tebulo.

Kumanga nyerere ya fomu

Choyamba, phwanyani kamunga kobwerera m'mbuyo ka pa nsonga ya mbedza pokafinya ndi pulayala. Chitani zimenezi musanamange chilichonse, chifukwa mbedza zing'onozing'ono nthawi zina zimathyoka pofinya, ndipo ndi bwino kutaya mbedza yokha kusiyana ndi kutaya nyambo yomalizidwa. Kenako panani mbedza pokhota pake, msana wake uli chogona molunjika, diso lake, kabowo komangirirapo chingwe, lili kudzanja limene mumagwirira ntchito. Ikhudzeni ndi chikhadabo kuti muone ngati yagwira: ikasuntha, limbitsani chopanira.

Chachiwiri, yambani ulusi mamilimita 2 kumbuyo kwa diso. Gwirani nsonga ya ulusi ndi dzanja lamanzere, muzungulize kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pamwamba pa nsonga yomweyo kulowera kumbuyo, ndipo mudule yotsala. Pitirizani kuzunguliza mothithikana mpaka pamene msana wa mbedza wayamba kukhota, ndiye mubwererenso mpaka pakati. Maziko a ulusi amenewa ndi ofunika kuposa mmene amaonekera, popeza fomu yomangidwa pa waya wosalala imazungulira mbedza nsomba ikangoiluma kamodzi.

Chachitatu, dulani kalamba ka fomu kotalika masentimita 3 ndi kotambalala mamilimita 3 ngati mbedza ndi ya 14, kapena mamilimita 2 ngati ndi ya 16 ndi 18. Gwiritsani ntchito lezala ndi rula pa thabwa, chifukwa sizasi imakhotetsa m'mbali. Songolani mbali imodzi kuti ikhale yansonga. Ikani nsongayo pamwamba pa mbedza pakati pamene pali ulusi, mbali yaitali ili kuloza kumbuyo kupyola pokhota, ndipo muimange kuchokera pakati mpaka pokhota. Apa ndi pamene ambiri amadula fomu ndi ulusi wawo womwe. Njira yake ndi yakuti kuzunguliza kuwiri koyamba kukhale kofewa, kongogwira, ndipo mphamvu muziiwonjezera pa kwachitatu ndi kwachinayi. Ngati ulusi wapotana kwambiri umakhala wakuthwa, choncho siyani bobini ilendewere kuti izungulire yokha mpaka ulusi utaphwatalala, ndipo mupitirize.

Chachinayi, bwezerani ulusi kutsogolo mpaka utatsala pang'ono kufika pakati pa msana wa mbedza. Donthetsani kadontho kochepetsetsa ka supaguluu pa fomu yomangidwa kale pogwiritsa ntchito nsonga ya singano, kenako pindirani kalamba kaja kutsogolo pamwamba pake kuti kapange linunda, ndipo mukamange pamene pali ulusi. Limeneli ndilo mimba. Musakoke fomu popinda, chifukwa mukaikoka mumafinya mpweya umene uli m'timabowo take, ndipo mpweya umenewo ndi umene umayandamitsa nyambo. Mimba yabwino imatenga pafupifupi theka la msana wa mbedza, kapena kuchepera pang'ono, ndipo imatundumuka moonekera bwino mukaiyang'ana cham'mbali.

Chachisanu ndi chiuno, ndipo pano musafulumire. Gwirani fomu yotsala ndi zala zamanzere, muikoke pang'ono kuti iwonde, ndipo muimange zolimba ndi ulusi wothithikana kulowera kutsogolo kwa mtunda wokwana limodzi mwa magawo anayi a msana wa mbedza, umene pa mbedza ya 14 ndi mamilimita 2 kapena 3. Pano pokha ndi pamene kufinya fomu kumafunika, mpaka chiuno chitatsala pang'ono kufanana ndi waya wa mbedza. Ulusi ukhale wosanjikiza kamodzi kapena kawiri basi. Mukamaliza, imani ndi kuyang'ana cham'mbali: ngati mpata wa pakati pa mimba ndi pamene mutu udzayambire ukuoneka wautali kuposa mmene mumaganizira, musaufupikitse, chifukwa nthenga ikabwera idzadya gawo lake.

Chachisanu ndi chimodzi, sankhani nthenga. Ipindeni mozungulira mbedza musanaimange kuti titsitsi take tiimirire, ndipo muone kutalika kwake: tikhale tofanana ndi mpata wa pakati pa msana wa mbedza ndi nsonga, kapena kupitirirapo ndi theka. Sosolani ubweya wofewa wa kutsinde, musiye kaphesi kopanda kanthu ka mamilimita 2, ndipo mukamange pakati pa chiuno ndi kuzunguliza kutatu. Gwirani nsonga ya nthenga ndi kapani, muizungulize kawiri pa chiuno, kapena katatu ngati mudzawedza pa madzi othamanga, ndipo muimange ndi kudula yotsala. Mtima umafuna kuwonjezera kuti nyambo ioneke yodzaza, koma kuzunguliza kasanu kumakwirira chiuno chimene mwavutikira kuchiwondetsa.

Chachisanu ndi chiwiri, tukulani fomu yotsala imene yapitirira diso la mbedza, mupititse ulusi pansi pake, muzungulize kanayi kumbuyo kwa diso, ndipo mumange mfundo yomaliza. Amene ali ndi chida chomangira mfundoyi achigwiritse ntchito. Amene alibe atenge chubu cha bolopeni yakutha, azungulize ulusi kamodzi pa nsonga yake, alowetse diso la mbedza m'kabowo ka chubucho, ndi kutsetsereza ulusi kuti ugwere pa mbedza. Akachita katatu mfundo yagwira. Dulani ulusi ndi kupaka kadontho ka vanishi pa mfundo, ndipo muonetsetse kuti diso silinatsekeke polowetsamo singano vanishi isanaume.

Chomaliza ndi kumeta. Dulani fomu yakutsogolo kuti patsale mutu wokwana theka la mimba, wongofika pa diso kapena kupitirira pang'ono, ndipo musadze makona ake ndi sizasi kuti ubulungire. Kenako tembenuzani nyambo chagada ndi kumeta titsitsi tonse ta pansi mpaka tifanane ndi thupi, kusiya ta m'mbali ndi ta pamwamba. Kumeta kumeneku ndiko kumakhazika nyambo m'kakhungu ka madzi, ndipo titsitsi ta m'mbali timasanduka miyendo yotambasuka.

Nyerere ya ubweya

Fomu ndi yolimba ndipo siimira, koma pa mbedza za 18 mpaka 22 imakhala yonenepa mopitirira, ndiponso pa madzi odekha nsomba zochenjera nthawi zina zimaikana. Pamenepo pamafunika nyerere yakale ya ubweya, imene imagwa pamadzi mofatsa ndipo imakhala motsika kwambiri. Ubweya wake ukhale wosalala ndi wopyapyala. Wa kalulu umamangika mosavuta koma umamwa madzi, pamene wopangidwa ku fakitale, umene umagulitsidwa m'timapaketi, umauma msanga ndipo ndi umene ndimaukonda pa nyambo zoyandama.

Yalani maziko a ulusi monga poyamba, koma mupitirire pang'ono kulowa pokhota kuti mimba idzaweramire pansi. Tsinani ubweya wochepa kwambiri, wochepa moti mukauwuzira uuluke, muuyale m'litali mwa ulusi kwa masentimita 3 kapena 4, ndipo muupote pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Potani kulowera mbali imodzi yokha, monga mmene amapotera chingwe cha khonje pa ntchafu, chifukwa mukabweza chala mumamasula chimene mwapota. Zala zikauma, zinyowetseni pang'ono. Tsopano zungulizani ulusi waubweyawo: mzere woyamba ukhale wautali kukwana mimba yonse, wachiwiri ubwerere pamwamba pake koma wofupikirapo mbali zonse, wachitatu ukhale pakati pokha. Motero kampira kamatuluka kobulungira ndi kolimba. Mukaunjika ubweya wambiri nthawi imodzi, kampirako kamakhala kofewa, kamamwa madzi, ndipo mano a trout amakasosola pa nsomba yoyamba.

Pa chiuno musaike ubweya ngakhale pang'ono, pakhale ulusi wokha. Mangani nthenga ndi kuizunguliza kawiri, kapena kamodzi ndi theka pa mbedza ya 20, kenako mupange kampira kachiwiri kocheperako kumbuyo kwa diso, kusiya kampata komangira mfundo. Metani pansi monga munachitira pa ya fomu. Mangani zakuda zambiri, zofiirira ngati njerwa zingapo, ndiponso ziwiri kapena zitatu za mimba yofiira ndi mutu wakuda.

Mapiko, ndi kuti muzitha kuiona

Nyerere zamapiko zikagwera pamadzi mwaunyinji, nsomba zimasankha kwambiri, ndipo zimakana nyambo imene yasiyana msinkhu ndi zimene zikudya ngakhale pang'ono. Choncho ndi bwino kukhala ndi zamapiko za 14, 16, 18 ndi 20. Mapiko amamangidwa mukamaliza mimba, nthenga ya miyendo isanabwere. Tengani nsonga ziwiri za nthenga zotuwa kapena zoyera, muzimange kumayambiriro kwa chiuno zikuloza kumbuyo ndi kutambasukira m'mbali pang'ono, ndipo zipitirire mimba ndi mamilimita 2. Ulusi woyera wa polypropylene, wopesedwa ndi singano ndi kugawidwa pawiri, umagwiranso ntchito ndipo umakhalitsa. Nthenga zofewa za pafupi ndi chithokomiro cha mafuta pamwamba pa mchira wa bakha, zimene m'mashopu zimalembedwa kuti CDC, zimayandama bwino kwambiri, koma musazipake mafuta oyandamitsira, chifukwa zimamatana ndi kutaya mphamvu yake.

Vuto lalikulu la nyerere yakuda ndi lakuti msodzi saiona ikakhala pa mtunda wa mamita 8 kapena 10, makamaka pamthunzi. Mankhwala ake ndi kumanga kachidutswa kakang'ono ka fomu yoyera, yachikasu kapena yaolenji pamwamba pa chiuno, kutsogolo kwa mimba, ndi kukadula kuti katsale mamilimita 2. Kakhale kocheperapo kuposa thupi, kuti nsomba poyang'ana kuchokera pansi isakaone kakutulukira m'mbali.

Pali mitundu ina iwiri imene mudzamva ikutchulidwa. McMurray Ant, imene anaiyambitsa Ed Sutryn wa ku McMurray ku Pennsylvania, imapangidwa ndi tizidutswa tiwiri ta mtengo wopepuka wa balsa totungidwa pa nayiloni ndi kupakidwa utoto, ndipo chiuno chake ndi nayiloni yokhayo, chinthu chosonyeza kuti mwini wake anamvetsa chimene nsomba imayang'ana. Chernobyl Ant, yochokera ku mtsinje wa Green ku Utah, ndi chimphona cha fomu yosanjikiza ndi miyendo ya mphira chomangidwa pa mbedza zazikulu monga 6 kapena 8. Imagwira nsomba ndithu, koma nsomba zimaitenga ngati chiwala kapena chikumbu chachikulu, ndipo siingalowe m'malo mwa nyerere yaing'ono pa tsiku limene zenizeni zikugwa.

Iyeseni musanapite nayo kumtsinje

Dzazani tambula yagalasi ndi madzi, mugwetsemo nyambo kuchokera m'mwamba pang'ono, ndipo mutukule tambulayo kuti muyang'ane kuchokera pansi kuloza ku zenera. Muyenera kuona timipira tiwiri, mpata pakati pake, ndi timiyendo tobowola pang'ono kakhungu ka madzi m'mbali zonse ziwiri. Ikagwa cham'mbali, ndiye kuti fomu yapendekera kapena mwameta mbali imodzi kuposa inzake. Ikaima pamwamba kwambiri, metaninso pansi. Ikamira chakumbuyo, mbedza ndi yolemera kapena munakoka fomu ya mimba. Yoyamba ikakhala bwino, ikhazikeni patsogolo panu ndi kumanga zina zisanu za msinkhu womwewo musanasinthe nambala ya mbedza, pakuti zala zimaphunzira muyeso pobwereza.

Pamtsinje

Mangirirani nyambo ku chingwe chopyapyala chakumapeto chotalika mamita 2.7 kapena kupitirira, chothera pa 5X, nambala yosonyeza kuti nsonga yake ndi yonenepa pafupifupi mamilimita 0.15, ngati mbedza ndi ya 14 kapena 16, ndi pa 6X, imene ndi yopyapyala kuposa 5X, ngati ndi ya 18 kapena 20. Mafuta oyandamitsira pakani ochepa, pa nthenga ndi pamsana pokha, mimba muisiye kuti inyowe ndi kukhala m'madzi.

Nthawi yabwino ndi kuyambira dzuwa litakwera mpaka madzulo, makamaka tsiku la mphepo. Ponyani molowera kumtunda kwa mtsinje, pafupi ndi gombe, pansi pa nthambi ndi udzu wolendewera, ndiponso m'mizere ya thovu mmene madzi amasonkhanitsira zonse zoyandama. Pa damu, pitani kumbali imene mphepo ikuchokera ngati kuli mitengo, chifukwa ndi kumene tizilombo tikugwera, kapena kumbali imene mphepo ikukankhira zinyalala. Lolani nyambo iyende ndi liwiro la madzi, ndipo chingwe chisaikoke, popeza nyerere yeniyeni siidula madzi chopingasa. Trout imatenga nyerere mwakachetechete, nthawi zambiri pamangooneka kabwalo kakang'ono pamadzi, ndipo msodzi wothamanga amaichotsa nyambo m'kamwa mwa nsomba. Dikirani mutu wa nsomba ubwerere pansi, kenako mutukule ndodo mofatsa. Ngati maso akukanikabe kuiona, imangirireni masentimita 40 kapena 50 kumbuyo kwa nyambo yaikulu yooneka bwino, ndipo mutukule ndodo nsomba ikadya paliponse pafupi nayo.

Mukagwira nsomba, tsukani nyambo m'madzi kuti tinthu toterera tichoke, muifinye pa nsalu youma, ndi kuiuzira musanaponyenso. Trout ndi nsomba ya madzi ozizira, ndipo madzi akafika pa madigiri 20 imavutika kupuma, kotero kuti yambiri imafa ngakhale mutaibweza. Tsiku lotero wedzani m'mamawa mokha. Malo ambiri a trout amafuna chilolezo ndipo ali ndi malamulo a nyengo ndi a mtundu wa nyambo, choncho yambani mwafika ku ofesi yoyang'anira malowo.

Ngumbi zimafuna kamangidwe kena

Kuno kwathu mvula yoyamba ikagwa kumatuluka ngumbi, ndipo nsomba zimabwera pamwamba kudzazidya, kuphatikizapo makumba ndi milamba ya m'madamu otentha kumene trout sizingakhale. Koma ngumbi ndi chiswe chamapiko, ndipo thupi lake lilibe chiuno chowonda: ndi lofewa, lofiirira, lofanana kunenepa kuchokera pachifuwa mpaka kumbuyo, ndipo mapiko ake anayi ndi ofanana kutalika, opitirira thupi kwambiri. Nyambo ya nyerere imene tafotokozayi siifanana nayo. Pa ngumbi tengani mbedza ya 10 kapena 12, mumange kalamba ka fomu yofiirira m'litali mwa msana wa mbedza ndi kukagawa m'timfundo tinayi kapena tisanu ndi ulusi wosafinya kwambiri, kenako mugoneke nsonga zinayi za nthenga zotuwa pamsana, ziwiri kumanja ndi ziwiri kumanzere, zotalika pafupifupi kawiri kuposa thupi, ndipo mumalize ndi kuzunguliza nthenga ya tambala kawiri kumbuyo kwa mutu ndi kumeta pansi. Mafulufute, mosiyana ndi ngumbi, ndi nyerere zenizeni ngakhale ali aakulu, ndipo iwo amamangidwa motsata njira ya fomu ija pa mbedza ya 8 kapena 10, kalamba kake kotambalala mamilimita 5, mimba yonenepa kwambiri, mutu waung'ono, ndi mapiko awiri odera ogonekedwa kumbuyo. Popeza mapiko aataliwa amazungulira mumphepo poponya ndi kupota chingwe, pa ngumbi ndi mafulufute gwiritsani ntchito chingwe chakumapeto chonenepa, cha 3X kapena 4X.